NDEMANGA: Galimoto ya liwiro ndi msewu wathu wa ku Zóbuè

Aliyense amene amakhala m'mbali mwa msewu waukulu wa N7, kuyambira ku Moatize mpaka kumalire a Zóbuè, anazolowera phokoso la magalimoto akuluakulu onyamula katundu wa ku Malawi, la machapa ndiponso la njinga zamoto. Koma m'zaka zapitazi kwabwera phokoso lina lachilendo. Phokosoli ndi la timagalimoto tatifupi, tooneka ngati tagwada pansi, tobangula tikamanyamuka. Ana amatithamangira, anyamata amatiloza, ndipo pamsika nkhani imakhala yofunsana kuti mwini wake ndi mwana wa yani. Timagalimoto timeneti n'tochokera ku Japan, ndipo amene anatipanga ankaganiza za chinthu chimodzi: liwiro.

Funso limene tsamba lino likufunsa lero ndi ili. Kodi munthu wa kuno, amene wapeza ndalama zokwanira galimoto imodzi yokha, achita bwino kugula yotereyi kuti ndiyo izimuyendetsa tsiku ndi tsiku, kuntchito, kumsika, kuchipatala ndi kumudzi? Ife tikuti ayi, ndipo tifotokoza zifukwa zathu chimodzichimodzi kuti wowerenga aweruze yekha.

Poyamba tinene kuti sitikulankhula mwansanje. Ndalama ndi za mwini, ndipo amene wakhetsa thukuta mumgodi kapena pamalonda ali ndi ufulu wogula chimene mtima wake wakonda. Makolo athu amakumbukira nthawi imene msewu uwu unkayendedwa ndi makoluna operekezedwa ndi asilikali. Amakumbukiranso mmene anabwerera kuchokera kumisasa ya ku Malawi, nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, akatundu ali pamutu, ana ali kumsana. Kwa anthu oterewa, kuona mwana wa m'mudzi muno akuyendetsa galimoto yakeyake ndi chimwemwe chachikulu. Chifukwa cha chimwemwe chomwecho, sitifuna kuti chithere pansi pa mtengo wa mango, galimoto itakwezedwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Tiyeni tione kumene magalimotowa amachokera. Ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga momwe timachitira kuno, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Choncho galimoto ya kumeneko ikafika kuno chiwongolero chake chimakhala chili kale kumbali yoyenera. Dzikolo lili ndi lamulo lolimba loyeza magalimoto, limene eni ake amati shaken. Galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13, msonkho wake wa pachaka umakweranso. N'chifukwa chake anthu a kumeneko amafulumira kugulitsa, ndipo makampani amagula pamisika ya okushoni n'kutumiza kuno ku Africa. Ambiri aife tinadziwa dzina la kampani imodzi yotere kudzera mumpira, pamene timu ya Wanderers ya ku Blantyre inkatchedwa Be Forward Wanderers, n'kutenga ligi ya ku Malawi mu 1 chaka chosaiwalika kwa otsatira ake, cha 2017. Lero munthu atakhala pakhonde ku Kambulatsitsi atha kuona magalimoto mazanamazana pafoni yake, lililonse ndi mtengo wake m'madola.

Malonda amenewa atithandiza kwambiri, ndipo palibe angakane. Machapa athu ambiri ndi ma Toyota Hiace ochokera komweko. Vuto silili pa dziko la Japan ayi. Vuto lili pa mtundu wa galimoto umene mnyamata amasankha akatsegula foni ija.

Magalimoto a liwiro amene anyamata amawalota ali ndi mayina odziwika. Pali Nissan Skyline GT-R, imene mtundu wake wa R32 unatuluka mu 1989, ndipo wa R34 unapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2002. Pali Toyota Supra ya pakati pa 1993 ndi 2002. Pali Mazda RX-7, Subaru Impreza WRX ndi Mitsubishi Lancer Evolution. Ambiri anawadziwira m'nyumba zoonetsera mavidiyo, mumafilimu a Fast and Furious amene anayamba mu 2001. Chimene filimu sionetsa n'chakuti misewu imene amajambulapo imakhala itatsekedwa, ndipo galimoto ikaphwanyika amabweretsa ina. Paul Walker, katswiri wa mafilimuwa, anafa mu 2013 pangozi ya galimoto ya liwiro ya Porsche, pamsewu wosalala wa ku California, wopanda dzenje ngakhale limodzi.

Tsono mvetsetsani apa, abale. Magalimoto osowa enieni aja mitengo yake inakwera kale kupitirira msinkhu wathu. Dziko la America lili ndi lamulo lolola kulowetsa galimoto yakunja mosavuta ikakwanitsa zaka 25. R32 inayamba kuloledwa mu 2014, ndipo R34 mu 2024. Anthu olemera a kumeneko atayamba kulimbirana, mitengo inauluka. R34 GT-R yabwino imagulidwa ndi madola oposa 100,000, kutanthauza mametikali oposa mamiliyoni 6. Supra imene inaoneka mufilimu yoyamba inagulitsidwa madola 550,000 mu 2021. Ndiye munthu akakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, n'kunena kuti ali ndi Skyline GT-R pamtengo wa Corolla, dzifunseni kuti olemera a ku America aja anaisiyiranji. Mwina ndi dzina lokha lomatidwa kumbuyo, mwina inachita ngozi n'kuwotcheredwa, mwina kulibe n'komwe ndipo wakubayo akudikira kuti mutumize ndalama. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene zimafika kuno kawirikawiri ndi abale ake otsika mtengo: Toyota Altezza, imene inasiya kupangidwa mu 2005, Mazda RX-8 ya pakati pa 2003 ndi 2012, Nissan Fairlady Z, ma Subaru, ndi ma Mark X otsitsidwa pansi. Ambiri ali ndi zaka 15 kapena 20. Ndipo tisaiwale kuti munthu wogula galimoto ya liwiro saigulira kuyenda pang'onopang'ono. Nthawi zambiri imafika kuno itathamangitsidwa kale ndi eni ake awiri kapena atatu.

Chachiwiri ndi mtengo. Nambala imene mukuiona pafoni si imene mudzalipire galimoto ikamalowa pachipata panu. Pali ndalama ya sitima ya pamadzi. Pali ya padoko. Pali ya despachante wokonza mapepala. Kenaka a Alfândega amawerengera msonkho wolowetsera katundu, msonkho wina wa ICE umene umakula injini ikakhala yaikulu, ndi IVA, imene kuyambira 2023 ili pa 16 peresenti. Galimoto ya liwiro injini yake imakhala yaikulu. Ya Skyline GT-R ndi ya malita 2.6, ya Supra ndi ya malita 3. Mukamaliza pamenepo pali ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Beira, pali nambala, livrete, seguro ndi kuyezetsa. Amene wathera ndalama zonse pamtengo wa pafoni amapeza galimoto yake yakodwa padoko, ndipo tsiku lililonse limene yagona pamenepo limaonjezera ngongole. Walira mvula walira matope.

Chachitatu ndi msewu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Galimoto ya liwiro anaipanga yaifupi dala, kuti igwire pansi ikamakhota mothamanga. Kuchokera pamimba pake kufika pansi pamakhala masentimita 13 kapena 14 okha, osakwana chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu. Hilux imapitirira masentimita 20. Kuchokera ku Tete kukafika ku Zóbuè ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo pamsewu umenewu pamadutsa magalimoto olemera usana ndi usiku. Matayala awo amakumba tinjira mu phula ndi kusiya kamtunda pakati. Pali malomba. Mvula ikagwa pamabadwa maenje. Galimoto yaifupi imakhula mimba pa zonsezi, ndipo pansi pa injini ndi pamene pali mphika wa oyilo. Mwala umodzi ukauboola, oyilo amatayikira mumsewu, ndipo woyendetsa akapanda kuzimitsa msanga injini imauma n'kufa. Matayala ake ndi opyapyala, moti akagwa m'dzenje limu limapindika kapena kusweka.

Apatu tikunena za phula. Koma kodi ndi angati aife amene kwawo ndi paphula? Mukapatuka kulowera kumidzi ya ku Nkondedzi, ya ku Samoa, kapena kuminda ya kuseri kwa Mussacama, mumakumana ndi mchenga, miyala, zitsa ndi timitsinje topanda milatho. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè ndipo ngakhale magalimoto amphamvu analephera kulimbana ndi madzi. Dziko lathu limayesa galimoto chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Malichi. Galimoto imene imakusiyani pamphambano kuti mutsirize ulendo pa njinga yamoto si galimoto ya tsiku ndi tsiku.

Chachinayi ndi kutentha, fumbi ndi mafuta. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete ndi ku Moatize kumapitirira madigiri 40. Injini ya turbo imatentha kale payokha, ndipo ikakumana ndi dzuwa lathu, ladiyeta yokalamba ndi mapaipi azaka 20, chimatsatira n'chodziwika. Fumbi la malasha ndi la msewu limatseka sefa ya mpweya msanga. Injini zimenezi anazipangira petulo wapamwamba amene ku Japan amati haioku. Kuno, mukachoka pamabomba a m'tauni, petulo amene mumapeza ndi wa m'mabotolo ndi m'zigubu, ndipo palibe angakuuzeni chimene chasakanizidwamo. Za kuopsa kwa malonda a petulo wa m'mbali mwa msewu, boma lino la Moatize silifuna wolikumbutsa. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange, thanki yopita ku Malawi inaphulika ndipo anthu oposa 70 anataya miyoyo. Galimoto yomwa petulo ngati ng'ombe ya ludzu imakankhira mwini wake kwa ogulitsa a zigubu omwewo.

Mazda RX-7 ndi RX-8 zili ndi nkhani yakeyake. Injini yake ilibe mapisitoni ngati ya magalimoto ena. M'kati mwake muli chitsulo cha ngodya zitatu chimene chimazungulira. Injini imeneyi imawotcha oyilo pang'onopang'ono mwadala, chifukwa ndi momwe anaipangira, ndipo mwini wake ayenera kumaonjezera kawirikawiri. Amene sadziwa zimenezi amayenda mpaka oyilo kutha. Ndipo ikafa, makaniko wathu amene wakonza ma Hiace ndi ma Canter moyo wake wonse amaitsegula n'kugwira pakamwa.

Apa tafika pa chachisanu, chomwe ndi makaniko ndi masipeya. Amisiri athu a ku Moatize ndi ku Tete ndi aluso, ndipo amadzutsa magalimoto amene kwina akanatayidwa kale. Koma luso limabwera ndi kuzolowera. Corolla ikaonongeka, sipeya yake ili m'sitolo mumzinda wa Tete, kapena ku Blantyre, makilomita 100 ndi pang'ono kuchokera kumalire, kapenanso pa galimoto ina yakufa ya mtundu womwewo. Galimoto yosowa sipeya yakenso ndi yosowa. Muyenera kuitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan komweko, kulipira m'madola, kudikira masabata, kenaka kupeza kuti yafikayo si yolingana. Mawu oti yosowa amakoma pouza anzanu kumowa. Sakoma galimoto itaima miyezi inayi chifukwa cha kachitsulo kolowa m'thumba la malaya.

Chachisanu ndi chimodzi n'chimene amayi athu amachiona msanga kuposa abambo. Kuno galimoto si ya munthu mmodzi. Tsiku limene mwaigula, mudzi wonse wapeza ambulansi. Usiku adzagogoda kuti mlamu wanu matenda ayamba, tithamangire kuchipatala. Adzabwera kuti agogo akomoka. Padzagwa maliro. Padzafunika kunyamula matumba a chimanga, feteleza, mbatata ya ku Angónia, malata ndi simenti. Ambiri mwa magalimoto a liwiro ali ndi zitseko ziwiri, mpando wakumbuyo ndi wa ana, ndipo ena alibe n'komwe. Taganizirani mayi wodwala pakati akupindidwa kuti alowe kumbuyo kwa galimoto yotero, ndi azamba ndi apongozi ataima panja kusowa pokhala. Mwini galimoto adzatchedwa wouma mtima pamene vuto ndi chitsulo chimene anasankha.

Tinenenso za kumene ndalama zimachokera. Ambiri ogula magalimoto kuno amadalira malasha, kaya ndi malipiro a kumgodi, kontrakiti ya kampani yothandizira mgodi, kapena ndalama zolandira ntchito ikatha. Mbiri ya malasha athu yatiphunzitsa kuti ndalama imeneyi imabwera ndi kupita. Vale inayamba kukumba mu 2011, mitengo ya malasha inagwa patangopita zaka zochepa, ndipo mu 2022 mgodi unapita m'manja mwa Vulcan. Koma phunziro lalikulu lili ku Benga. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inalipira madola oposa mabiliyoni 3 kugula Riversdale, imene inali ndi mgodiwo. Inkayembekeza kutsitsa malasha pa mabwato mumtsinje wa Zambezi, koma boma silinalole, ndipo njanji ya Sena inali yochepa mphamvu. Mu 2014 inagulitsa zonse kwa ICVL ya ku India pa madola mamiliyoni 50 okha. Akatswiri ophunzira, okhala ndi maofesi ku London, anagula chinthu chokongola asanafunse bwino za njira yoyendamo. Ngati iwo anapsa manja motero, nanga mnyamata wa ku bairro ya 25 de Setembro amene watenga ngongole kubanki?

Ndipo tsiku la mavuto likafika, Hilux kapena Probox imapeza wogula sabata yomweyo, chifukwa aliyense akudziwa kuti idzamubwezera ndalama. Galimoto ya zitseko ziwiri yophwanyika bampala imapeza oiyamikira ambiri, koma wotulutsa ndalama palibe.

Chotsiriza, ndipo n'chachikulu pa zonse, ndi moyo wa anthu. Lamulo la pamsewu la dziko lino limalola makilomita 60 pa ola m'malo okhala anthu, ndi 120 kunja kwake kwa galimoto yaing'ono. Magalimoto a ku Japan amatuluka m'fakitale atamangidwa kuti asapitirire 180, ndipo anyamata ena amachotsa chomangiracho. Kodi liwiro lotero alithamangira kuti? N7 si bwalo la mpikisano. M'mbali mwake muli masukulu, misika, amayi osenza nkhuni, njinga zolemedwa ndi matumba a makala, mbuzi ndi ng'ombe. Galimoto yotere imanyengerera phazi. Munthu wofatsa akakhala pampando wake amamva ngati akuitsekereza, ndipo tsiku lina amafuna kuona chimene ingachite. Amene amalipira mtengo wa tsiku limenelo kawirikawiri si woyendetsa, koma mwana wa mnzake amene amaoloka kupita kukatunga madzi. Kuthamanga sikufika.

Ena adzati tsamba lino likufuna kuti tonse tiziyenda m'magalimoto ofanana ngati nkhosa, ndipo munthu saloledwa kusangalala ndi thukuta lake. Tikuwamva. Kukonda makina okongola si tchimo, ndipo amisiri a ku Japan amene anapanga magalimotowa anachita ntchito yogometsa. Amene ali ndi nyumba yomaliza, ana ali pasukulu, ali ndi galimoto ina yogwira ntchito ndi ndalama yapadera yodikira masipeya, agule, aisunge mu shedi, aziitulutsa Lamlungu. Ku Maputo kuli bwalo la ATCM kumene okonda liwiro amakapikisana popanda kuopseza ana a eni. Chimene tikukana ndi kusandutsa chidole cha munthu wolemera kukhala khasu la munthu wosauka.

Kwa amene watsimikiza mtima kuitanitsa galimoto ku Japan, ya mtundu uliwonse, tikupempha izi. Musanatumize ndalama, pitani kwa makaniko amene adzaikonze, mumuonetse chithunzi ndi nambala ya injini, mumve chimene anene. Zungulirani m'masitolo a masipeya mufunse mtengo wa mabuleki, mashoko, sefa ndi tayala limodzi. Pitani kwa despachante wovomerezeka akuwerengereni msonkho wonse papepala. Funsani wogulitsa pepala la ku okushoni. Likakhala ndi chilembo R, dziwani kuti galimotoyo inakonzedwapo itachita ngozi. Funsaninso chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan, chifukwa chimasonyeza makilomita amene analembedwa poyeza, ndipo mutha kuona ngati wina wabweza mita m'mbuyo. Lipirani kudzera kubanki, ku akaunti ya kampani, osati ku nambala ya M-Pesa ya munthu amene simunamuonepo nkhope. Ndipo musathere zonse pogula. Siyani ina yoti idzadzutse galimotoyo ikadzadwala, chifukwa idzadwala ndithu. Safunsa anadya phula.

Kwa apolisi a pamsewu ndi a INATRO, pempho lathu ndi loti liwiro liyang'aniridwe makamaka pafupi ndi masukulu ndi misika ya m'mbali mwa N7, ndiponso kuti kuyeza magalimoto kukhale kuyeza kwenikweni. Kwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo, nkhaniyi ikambidwe pabwalo monga momwe timakambira za mbewu ndi za ukhondo. Kwa amalume ndi azakhali, mwana akabwera kudzakuonetsani chithunzi pafoni, musangoombera m'manja. Mufunseni ngati galimotoyo idzafika pakhomo panu mu Febuluwale.

Ndipo kwa inu achinyamata athu, amene mwagwira ndalama imene makolo anu sanaigwirepo, tikuti ulemu umene mukuufuna ndi woyenera, koma phokoso la injini siliubweretsa. Pamudzi amakumbukira galimoto imene inafikitsa wodwala kuchipatala nthawi isanathe, imene inatuta chimanga mvula isanagwe, imene inaperekeza maliro mpaka kumanda. Gulani yoteroyo, ndipo muziyendetsa modekha.